Mbale za Amalume ku Brakpan

Amalume atamwalira ku Tsakane, akazi awo anandiitanitsa. Anatulutsa katoni kunsi kwa bedi n'kundiikira pamiyendo. "Tenga iwe, mwana wa mlongo wawo," anatero. "Ana akunowa amamvera nyimbo pafoni." M'katonimo munali mbale 31 za nyimbo. Zisanu ndi zinayi zinali zolemera ndi zouma gwa, zinazo zinali zopepuka, zina zazikulu zina zazing'ono. Choimbira munalibe. Anati chinafa kalekale.

Ine ndimagwira ntchito yowotcherera zitsulo muno mu Brakpan, ndipo ndalama yotsala pamwezi imakhala yowerengeka. Funso langa linali la munthu wosauka: ndigule chiyani chotsika mtengo kuti ndimve zimene zili m'mbalezi popanda kuziwononga? Pofunafuna yankho ndinazindikira kuti sindine woyamba m'banja mwathu kuimirira m'sitolo ya m'tauni muno ndi funso lotere.

Brakpan inakula ndi malasha, kenako golide, ndipo inakhala tauni yodziimira payokha mu 1919, itachoka pansi pa Benoni. Migodi ija inkafuna manja, ndipo ena mwa manjawo anachokera ku Nyasaland. Mu 1913 boma la kuno linaletsa kulemba anthu a kumpoto kotentha chifukwa ambiri ankafa ndi chibayo, koma chiletsocho chinachotsedwa m'zaka za m'ma 1930, ndipo Wenela inayamba kutenga amuna athu mwaunyinji. Dzina lake lidakalipo pa siteji ya mabasi ku Blantyre, ngakhale ambiri okwera basi pamenepo saganizanso za komwe linachokera. Agogo anga aamuna anapita m'ma 1950, nagwira ntchito pa mgodi wa State Mines, womwe lero ndimadutsa pafupi nawo popita kuntchito.

Munthu wobwerera ku Joni ankadziwika ndi katundu: sutikesi yachitsulo, jekete, njinga, mwina makina osokera. Agogo anasankha galamafoni. Amayi amati kusankhako anakuganizira bwino. Kumudzi ku Dedza kunalibe magetsi, choncho anagula yopukusa ndi dzanja. Ulendo unali wautali, choncho anatenga yotsekeka ngati sutikesi. Ndipo ndalama yomaliza sanagulire mbale yowonjezera, anagulira timabokosi ta singano. Singano zake zinali zachitsulo, ndipo lamulo linali lakuti imodzi iimbe mbali imodzi ya mbale basi, kenako itayidwe, chifukwa ikabuntha imadya mizere ya mbale. Kumudzi lamulolo silinakhalitse. Singano zitayamba kutha ankazinola pamwala, zitatheratu anyamata anayesa minga. Patapita zaka zochepa mbale zonse zinkangolira ngati mvula pamalata.

Mbale za nthawi imeneyo zinkazungulira ka 78 pamphindi, ndipo mbali imodzi inkatenga nyimbo ya mphindi zitatu zokha. Ankazipanga ndi shellac, utomoni wouma womwe ukagwa pansi umasweka ngati mbale yadothi. Mpaka lero woimba akatulutsa nyimbo zake timati watulutsa chimbale, ngakhale nyimbozo zili pa intaneti ndipo palibe chozungulira chimene munthu angachigwire.

Mawu amene ankatuluka m'magalamafoniwo ankachokera ku Johannesburg, makilomita pafupifupi 40 kuchokera pano. Eric Gallo anatsegula bizinesi yake ya mbale kumeneko mu 1926, ndipo kampani yake ndi imene inajambula Mbube ya Solomon Linda mu 1939. M'ma 1950 kunabuka kwela, nyimbo za kachitoliro kamalata zimene Spokes Mashiyane anatchuka nazo. Mu 1958 Tom Hark ya Elias and His Zig-Zag Jive Flutes inafika mpaka pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain. Kwela inatsatira njira za amuna obwerera kwawo, ndipo itayamba kuzilala kuno inapeza mudzi kwathu: Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anaiimba mpaka ku Ulaya. Ndimaona kuti polemba mbiri ya nyimbo za Malawi timatchula oimba, n'kuiwala anthu amene ankasenza makina olemera paphewa kuchokera pamsewu mpaka kumudzi.

Pamene amalume ankabwera mu 1971 zinthu zinali zitasintha. Ku America kampani ya Columbia inatulutsa mbale yaikulu ya vinyl yozungulira ka 33 ndi pang'ono mu 1948, RCA Victor n'kutulutsa yaing'ono ya 45 chaka chotsatira. Mizere yake inali yopyapyala, yofuna singano yosongoka ndi mkono wopepuka. Kuno mbale za 78 zinachedwa kutha, pakuti ogula ambiri achikuda anali ndi magalamafoni opukusa, koma m'masiku a amalume mnyamata wodzitama ankafuna gumbagumba ya mabatire, monga ma Supersonic opangidwa ku Bulawayo. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, ndipo anthu oposa 70, ambiri a iwo Amalawi obwerera kwawo, anafa. Kamuzu analetsa Wenela pomwepo. Anzawo anabwerera, amalume anatsala. Anachona. Amayi sanawaonenso.

M'katoni muja muli mbale za Mahlathini ndi Mahotella Queens, monga mungayembekezere. Koma mulinso ziwiri zazing'ono za kampani ya Nzeru ya ku Malawi, zomwe zinayenda ulendo wobwerera m'mbuyo, kuchoka kwathu kubwera ku Joni. Ndani anawabweretsera, akazi awo sakudziwa. Anangoti ankaziimba Lamlungu masana, chitseko chotseka.

Apa ndi pamene ndinalakwa. Ndinaona m'sitolo ina choimbira chatsopano chooneka ngati kasutikesi, cha masipika ake momwemo, mtengo wake wokoma, ndipo ndinakumbuka galamafoni ya agogo. Ndinagula. Madzulo omwewo ndinaika imodzi mwa mbale za Nzeru zija. Nditakweza mawu bokosi lonse linayamba kunjenjemera, singano inadumpha, n'kukhetemula mzere woyera kudutsa theka la nyimbo. Mpaka lero pamalo pamenepo imagogoda, thi, thi, thi. Mbale imeneyi singagulidwenso m'sitolo iliyonse imene ndikuidziwa.

Amene anandiphunzitsa ndi mdala wina wa ku Mozambique wokonza mawayilesi kuseri kwa msewu wa Voortrekker. Anaika singano ya kasutikesi kanga pa kasikelo kakang'ono: magalamu oposa 5. Choimbira chabwino, anatero, chimapondereza mbale ndi magalamu pafupifupi 2. "Mwana wanga, usayang'ane kuwala kwa bokosi. Yang'ana kumbuyo kwa mkono." Kumeneko kumayenera kukhala kachitsulo kozungulira kosinthira kulemera. Anandiuzanso kuti ndifunse ngati singano yake imapezeka yogula payokha, ndiponso kuti masipika asakhale pa thabwa limodzi ndi mbale. China chimene sindinkachidziwa n'chakuti mawu ochokera ku singano ndi ofooka kwambiri, ndipo pojambula mbale amachepetsa dala mawu a besi kuti mizere isatambalale. Pamafunika ampulifaya yokhala ndi polowetsa polembedwa kuti phono, kapena kabokosi kapadera kobwezeretsa mawuwo. Popanda zimenezi umangomva kunong'ona.

Ndinamufunsa za zatsopano. Anati Audio-Technica AT-LP60 ndi yabwino kwa woyamba, kabokosi kaja kali m'kati kale, koma mtengo wake unali wondiposa. Anandigulitsa choimbira chakale cha ku Japan cha m'ma 1980, chokalikakalika pachivundikiro, nasintha lamba wake wa labala womwe unali utatamuka. Ampulifaya ndi masipika ndinazipeza kwa ogulitsa katundu wakale. Singano yokha ndiyo anaumirira kuti ndigule yatsopano. Ndinadandaula kuti kanthu kochepa ngati njere ya mpunga kakudya gawo lalikulu chotere la ndalama zanga. Iye anangoseka. Ndinakumbuka agogo ndi timabokosi tawo.

Mbale zisanu ndi zinayi zolemera zija sindinazimvebe. Choimbira changa chilibe liwiro la 78, ndipo mizere yake yotakata imafuna singano ina yonenepa. Mdala uja anandichenjeza kuti ndisazipukute ndi spirit, chifukwa imasungunula shellac. Ndaziimika chilili m'kabati, kutali ndi dzuwa, pakati pake ndaikamo mapepala.

Mu December ndikupita kumudzi pabasi. Magetsi anafika pa sitolo za pafupi ndi kwathu, ndipo mphamvu yake ndi yofanana ndi ya kuno. Chosiyana ndi pulagi: ya kuno ili ndi mano ozungulira, ya kwathu a ngodya zinayi, ndipo ndagula kale yosinthira. Mkono wa choimbira ndaumanga ndi kansalu, singano ndaichotsa, ili m'kabotolo ka mankhwala m'thumba la malaya. Amayi ali ndi zaka 78 ndipo khutu limodzi linatseka. Pafoni anandifunsa ngati mbale ya Nzeru yokalikayo ili ndi chilembo cha bolopeni pakati pake. Ndinapita kukayang'ana. Chilipo.