Chokoleti Chochokera Pamoto: Mbiri ya Moŵa wa Stout ndi Kamwedwe Kake

Nkhani yathu lero ndi ya moŵa wina wa ku Ulaya umene Angerezi amautcha chocolate stout, kunena kuti moŵa wakuda wa chokoleti. Munthu akamva dzinali, msanga amaganiza kuti ofulula anatenga chokoleti chimene ana amagula m'sitolo n'kuchisungunulira mumgolo. Mbiri ikutsutsa ganizo limeneli. Kukoma kwa chokoleti kunaloŵa m'moŵa wakuda kale kwambiri, ofulula asanayambe kuthiramo chokoleti chenicheni, ndipo chimene chinakuloŵetsamo ndi moto. Amene sadziŵa zimenezi amagula botolo lodula, n'kuliziziritsa mpaka kuchita chisanu, n'kumwa moŵa wopanda fungo, kenaka n'kumadandaula kuti amunamiza.

Tiyambire mumzinda wa London m'zaka za m'ma 1720. Kumeneko kunatchuka moŵa wofiirira umene unkamwedwa kwambiri ndi amtengatenga, anthu osenza katundu m'misewu ndi padoko la mtsinje wa Thames. Pachingerezi wamtengatenga ndi porter, tsono moŵawo unatenga dzina la eni ake oumwa. Unkafululidwa ndi chimera, monga momwe amayi athu amachitira ndi masese kapena thobwa: kuviika mbewu m'madzi, kuzisiya kuti zimere, n'kuziumitsa. Kusiyana kwake n'kwakuti mbewu yawo inali balere, ndipo popeza dzuŵa la ku Mangalande ndi losadalirika, chimeracho ankachiumitsa pamoto wa nkhuni. Motowo ndiwo unkachifiiritsa. Ofulula akapanga porter wamphamvu kuposa wamasiku onse ankamutcha stout porter, pakuti liwu lakuti stout panthaŵiyo linkatanthauza mphamvu, osati kuda. Patapita zaka liwu lachiŵirilo linagwa, n'kutsala stout yekha.

Moŵa umenewu unkasungidwa miyezi yambiri m'migolo yamatabwa yaikulu ngati nyumba. Kukula kwake tingakuone pa ngozi ya m'chaka cha 1814, pamene mgolo wina wa pafakitale ya Meux unaphulika, moŵa n'kusefukira m'nyumba za amphaŵi oyandikana nayo ndi kupha anthu 8. Koma chofunika kwa ife ndi kaperekedwe kake. Wogulitsa ankakhala ndi migolo iŵiri m'chipinda chapansi panthaka, wina wa moŵa wanthete wotsekemera, wina wa moŵa wokhalitsa woŵaŵasa pang'ono, ndipo ankasakaniza monga momwe wakumwayo wafunira. Furiji kunalibe. Kuzizira kwa moŵa kunali kuzizira kwa chipinda chapansicho basi. Mfundo imeneyi muisunge, pakuti tidzaifunanso.

Zinthu zinasokonekera chifukwa cha chipangizo chaching'ono ndi msonkho. M'chaka cha 1784 John Richardson anafalitsa njira yoyezera kuchuluka kwa shuga m'madzi a chimera. Ofulula atayeza anapeza kuti chimera chofiirira, ngakhale chinali chotsika mtengo, chinkatulutsa shuga wochepa kwambiri poyerekeza ndi chimera choyera. Pa nkhondo zolimbana ndi Napoleon boma linakwezanso msonkho wa chimera. Motero ofulula anatembenukira ku chimera choyera, koma anthu ankafunabe moŵa wakuda. Anatani? Ena anathiramo shuga wopsereza. Ena, makamaka ogulitsa osaona mtima amene ankasungunula moŵa ndi madzi, anathiramo zinthu zoopsa, monga njere zaululu zochokera ku India zoti munthu aledzere msanga, ndi mchere wa chitsulo woti thovu likhalitse. Katswiri wa mankhwala, Frederick Accum, anaulula chinyengo chotere m'buku lake la m'chaka cha 1820. Nyumba ya Malamulo inali italetsa kale, m'chaka cha 1816, kuthira china chilichonse m'moŵa kupatula chimera ndi maluŵa oŵaŵa a chomera chotchedwa hops.

Apa ofulula anakhala pakati pa moto ndi madzi: lamulo likukana utoto, ogula akukana moŵa woyera. Amene anaŵapulumutsa ndi Daniel Wheeler. M'chaka cha 1817 iye analembetsa kuboma makina ake okazingira chimera, mgolo wachitsulo wozungulira pamwamba pa moto, wofanana ndi umene ankakazingira khofi. Popeza mgolowo unkatembenuzika kosalekeza, chimera chinkapsa mofanana mpaka kuda bii popanda kuyaka, pa kutentha kopitirira madigiri 200. Chimera chakuda chochepa chabe chinkakwanira kudetsa mgolo wonse wa moŵa wa chimera choyera, ndipo lamulo silikanatha kunena kanthu, pakuti chinali chimera ndithu. Mwini wake sanadyerere nthaŵi yaitali. M'chaka cha 1819 khoti linafafaniza chikalata chake chaumwini, ponena kuti dzina limene analembetsa linkakamba za kuumitsa chimera pamene ntchito yeniyeni inali kupanga chodetsera moŵa. Ine ndimaona kuti chiweruzocho chinali chouma mtima, komabe n'choseketsa kuti mlandu woyamba m'mbiri imeneyi unali kale wa dzina losagwirizana ndi zam'kati.

Tsono aliyense amene anakazingapo mtedza kapena chimanga m'chiŵaya amadziŵa kuti pakati pa kupsa ndi kupserera pali kamphindi kochepa, ndipo kukoma konse kuli pamenepo. Nkhoko za pansi pa mphika wa nsima zimakoma mosiyana ndi nsima yake, ngakhale ufa ndi womwewo. Okazinga chimera anaphunzira kuphula chisanafike pakuda bii, chikadali chofiirira moderako. Chimera chotere chili ndi maonekedwe a chokoleti ndi fungo lake lomwe, ndipo anachitcha chocolate malt. Mulibe koko m'menemo ngakhale kambewu kamodzi. Chifukwa chake anachifotokoza katswiri wa ku France, Louis-Camille Maillard, m'chaka cha 1912: shuga ndi zomanga thupi za m'chakudya zikakumana pamoto zimabala mtundu wofiirira ndi mafungo atsopano. Njere ya koko yaiŵisi siimveka chokoleti. Imayamba yavundikiridwa, kuyanikidwa ndi kukazingidwa. Balere, khofi ndi koko zikadutsa pamoto zimatuluka ndi mafungo apachibale. Wofulula amangofuna chimera chotere pang'ono, kaŵirikaŵiri osapitirira gawo limodzi mwa magawo 10 a chimera chonse. Akapyola pamenepo moŵa umamveka makala.

Nanga koko weniweni anali kuti nthaŵi yonseyi? Kwawo ndi ku Amereka. Ofukula zakale anapeza zizindikiro zake m'mapale a mbiya za ku Puerto Escondido, m'dziko la Honduras, za zaka zoposa 1,000 Khristu asanabadwe, ndipo akuganiza kuti chakumwa choyambacho chinali choŵira, chofululidwa ndi nsinjiro zotsekemera zokuta njerezo. Ku London chokoleti chinayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1657 ngati chakumwa cha anthu olemera, pamene porter anadzakhala wa anthu osenza mitolo. Kuwonjezera pa kusiyana kwa matumba, panali zopinga ziŵiri. Choyamba ndi lamulo lija, limene linamasulidwa kwenikweni m'chaka cha 1880 pamene William Gladstone anachotsa msonkho pa chimera n'kuuika pa moŵa. Chachiŵiri ndi mafuta. Pafupifupi theka la njere ya koko ndi mafuta, ndipo mafuta ndi mdani wa thovu. Makina ofinyira mafutaŵa a banja la Van Houten ku Holland anabwera m'chaka cha 1828, ndipo ufa wa koko wochepa mafuta ndi umodzi mwa zimene ofulula amagwiritsa ntchito lero. Koko wambiri wa padziko lapansi tsopano amalimidwa ku Côte d'Ivoire ndi ku Ghana, kumene Tetteh Quarshie anafika ndi mbewu zake kuchokera pachilumba cha Fernando Po m'chaka cha 1879.

Stout wotsekemera anabwera mwa njira ina. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 fakitale ya Mackeson, ya ku Hythe, inayamba kuthira shuga wa mumkaka m'moŵa. Yisiti siitha kumusandutsa moŵa shuga ameneyu, motero amatsala n'kufeŵetsa kuŵaŵa. Moŵawo anautcha milk stout, ndipo ankautsatsa ngati chakudya cha odwala ndi amayi oyamwitsa. Pano tinene mosabisa kuti kumeneko kunali kutsatsa malonda chabe. Madokotala a masiku ano salangiza mayi woyembekezera kapena woyamwitsa kumwa moŵa wa mtundu uliwonse. Ambiri a ife stout tinamudziŵira m'njira ziŵiri: achibale amene anagwira ntchito ku South Africa anakumana ndi Castle Milk Stout, amene anayamba kufululidwa m'chaka cha 1935, ndipo kuno kwathu fakitale ya Carlsberg imene inatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1968, yoyamba ya kampaniyo kunja kwa Denmark, inaika stout pakati pa moŵa wake.

Ku Mangalande komweko porter anazilala mpaka kutsala pang'ono kuiŵalika nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse itatha. Anamudzutsa ndi ofulula ang'onoang'ono a ku Amereka ndi ku Britain, pamodzi ndi mlembi wina, Michael Jackson, osati woimba uja, amene buku lake la m'chaka cha 1977 lofotokoza moŵa wa maiko osiyanasiyana linazoloŵeza anthu kukamba za kukoma kwa moŵa mwatsatanetsatane. M'chaka cha 1994 Garrett Oliver anakonzera kampani ya ku Brooklyn, mumzinda wa New York, moŵa wa Black Chocolate Stout. Dzina likunena chokoleti, koma mulibe chokoleti. Zonse n'zochokera ku chimera chokazinga. M'chaka cha 1997 fakitale ya Young's ya ku Wandsworth, ku London, inatulutsa Double Chocolate Stout, ndipo kuŵirikiza kuli m'dzinamo kukutanthauza chimera cha chokoleti pamodzi ndi chokoleti chenicheni. Chotero dzina limodzi lili ndi moŵa wa mitundu iŵiri, ndipo wogula wanzeru amaŵerenga chikalata cha pabotolo. Aŵerengenso mphamvu yake: wa Young's ndi wa maperesenti 5 ndi pang'ono, pamene wa ku Brooklyn ndi wa maperesenti 10, pafupifupi kuŵirikiza kaŵiri.

Tibwerere tsopano kuchipinda chapansi chija. Chizoloŵezi chomwa moŵa wozizira kwambiri chinabwera ndi makina oziziritsira a Carl von Linde a m'zaka za m'ma 1870, ndipo chimayenerana ndi moŵa woyera wa lager, wothetsa ludzu. Stout sanabadwire m'menemo. Kuzizira kwambiri kumatsekereza fungo ndipo kumagonetsa lilime kuti lisamve kutsekemera, n'kusiya kuŵaŵa kokha. Akatswiri amagwirizana pa madigiri 10 mpaka 13, kuzizira konga kwa m'maŵa wa mwezi wa June ku Dedza. Botolo likatuluka m'furiji liyambe lakhala kanthaŵi patebulo. Ku Nsanje kapena ku Karonga kanthaŵiko n'kakafupi ndithu. Kuponyamo madzi oundana ndiko kubwereza ndi manja ako chinyengo chimene Accum anadzudzula.

Kumwera m'botolo n'kutaya theka la zimene mwagula, chifukwa mphuno imatsala kunja. Pafunika tambula yotakata pamimba ndi yopanikiza pang'ono kukamwa, kuti fungo lisonkhane. Ikhale yotsukidwa payokha ndi kutsukuluzidwa bwino, pakuti kadontho ka mafuta a ndiwo kapena sopo wotsalira amagwetsa thovu nthaŵi yomweyo, monganso imachitira milomo ya munthu amene wangodya kanyenya. Pothira, pendeketsani tambula, moŵa utsetsereke m'mbali, ndipo ikafika pakati iimikeni kuti thovu likwere ngati zala ziŵiri. Stout wina, makamaka wa m'zitini, amakhala ndi mpweya wa nayitrojeni, luso limene Michael Ash, katswiri wa masamu wa kampani ya Guinness, anayambitsa m'chaka cha 1959 pofuna kutengera thovu losalala limene ogulitsa a ku Ireland ankalipeza posakaniza migolo iŵiri. Woteroyo akathiridwa amaoneka ngati mtambo ukutsika m'tambula, ndipo muyenera kudikira mpaka wakuda apatukane ndi thovu. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Polaŵa, yambani ndi maso: mukaloza tambula kunyali mudzaona kuti m'mphepete mwake moŵawo si wakuda kwenikweni koma wofiira moderako. Kenaka nunkhizani musanamwe. Imwani pang'ono, moŵa uzungulire m'kamwa, mumeze, n'kutulutsa mpweya kudzera m'mphuno. Apo m'pamene chokoleti chimamvekera. Olaŵa vinyo amalavula, koma olaŵa moŵa amameza, chifukwa kuŵaŵa kotsalira kukhosi ndi mbali ya chiweruzo. Mwa njira imeneyi mungathe kusiyanitsa mitundu iŵiri ija. Wa chimera chokha amamveka ngati khofi wopanda shuga ndi ufa wa koko wouma, ndipo amasiya m'kamwa mouma. Wothira chokoleti, makamaka ngati alinso ndi shuga wa mumkaka, amanunkhira asanafike n'kukamwa komwe, ndipo amamata pang'ono palilime. Kwa ine woyambayo ndiye woposa, pakuti wachiŵiriyo akatsekemera mopyola amatopetsa tambula isanathe. Amene mkaka umaŵavuta m'mimba ayang'anenso chikalata chija.

Amtengatenga a ku London ankamwera porter wawo nkhono za m'nyanja zotchedwa oyster, zimene panthaŵiyo zinali ndiwo za amphaŵi. Stout wa chokoleti amayenerana ndi nyama yowotcha, kapena keke pamapeto a chakudya. Nsomba yofeŵa kukoma ngati chambo imamira m'menemo osamvekanso. Botolo lamphamvu lija ligaŵidwe m'matambula aŵiri ang'onoang'ono, ndipo tambula igwiridwe m'chikhatho kuti moŵa uzifunda pang'onopang'ono pamene mukucheza.