Mafunso ndi Mayankho: Chiyambi cha Waya wa Earth

FUNSO: Makaniko wina pa Mitundu anamanga waya wa negative ku chitsulo cha galimoto yanga nati ndi earth, chonsecho galimoto imaima pa matayala, osakhudza dothi. Kodi mwambo umenewu unachokera kuti? (Wowerenga wa ku Mitundu)

YANKHO: Mwachita bwino, bambo, pakuti akale anati safunsa anadya phula. Magetsi sayenda pokhapokha atakhala ndi njira yopitira ndi ina yobwerera. Mayina a positive ndi negative anayamba ndi Benjamin Franklin wa ku America mu 1747, Alessandro Volta asanapange batire loyamba mu 1800. Koma za nthaka zinadza mu 1838, pamene Carl August von Steinheil, poyesa makina otumizira mauthenga m'mbali mwa njanji ya ku Nuremberg, anapeza kuti zitsulo zikakwiriridwa kuno ndi uko, dothi lenilenilo limalowa m'malo mwa waya wobwerera, kotero kuti waya umodzi unakwanira pamene kale pankafunika awiri. Opanga galimoto anatola nzeru yomweyo, ndipo posafuna kukokera nyali iliyonse mawaya awiri, anasandutsa thupi lonse la galimoto kukhala njira yobwerera, nalipatsa dzina la nthaka ngakhale silikhudza nthaka. Kuti mbali yomangidwa pamenepo ikhale negative ndi pangano la anthu chabe, osati lamulo la chilengedwe, popeza galimoto zambiri za ku Britain, monga Land Rover zakale, zinkamanga positive ku chitsulo kufikira m'zaka za m'ma 1960. Galimoto za masiku ano zimamanga negative ku chitsulo, chifukwa chake pomasula batire yambani ndi negative, kuti sipanala ikagunda chitsulo isathethetse moto.

FUNSO: Nanga bwanji wailesi yanga ya batire la sola imalira popanda waya wopita pansi, pamene nyumba za magetsi a ESCOM pano pa Nathenje anazikhomera mkuwa m'nthaka? (Mayi wa ku Nathenje)

YANKHO: Mayi, batire la mavoti 12 limadzikwanira lokha, chifukwa njira yake imayambira pa batirepo nithera pomwepo. Magetsi a ESCOM ndi a mavoti 230, ndiponso amasinthasintha kolowera, kupita ndi kubwerera ka 50 pa sekondi iliyonse, motero alibe negative konse. Waya wabuluu ndi neutral, pamene wobiriwira wa mizere yachikasu, umene umapita ku dzino lalitali la pulagi ndi ku mkuwa wokhomedwa uja, ndi mlonda amene sanyamula kanthu masiku a mtendere. Koma tsiku limene waya wamoto udzasupuka nukhudza chitsulo cha simbi kapena filiji, mphamvu idzathamangira mwa mlondayo, fyuzi nkupsa, dzanja lanu lisanasanduke njira. Amene amadula waya umenewu pomanga pulagi, poganiza kuti ngwopanda ntchito chifukwa simbi ikutenthabe, asiye ndithu.