Gimmick! ya Sunsoft: Gemu Yooneka ya Ana Imene Inasautsa Akatswiri

Pa 31 Januwale 1992, kampani ya ku Japan yotchedwa Sunsoft inatulutsa gemu ya Gimmick!, yoseweredwa pa Famicom, makina a Nintendo olumikiza ku TV amene anali atakhala m'nyumba za anthu kuyambira m'chaka cha 1983. Gemuyi inali ya mtundu wa platform, kutanthauza gemu imene wosewera amayendetsa kamunthu kapena kanyama kodumpha kuchoka pansanja ina kupita pa ina, kulambalala maenje ndi adani mpaka kukafika kumapeto kwa chigawo. Sinayende malonda, olemba ndemanga m'magazini sanamvane za ubwino wake, ndipo ku America, komwe kunali msika waukulu, sinafike n'komwe m'masitolo. Komabe masiku ano anthu odziwa mbiri ya magemu amaiika pakati pa ntchito zaluso kwambiri zimene zinapangidwapo pa makinawo. Kusiyana kwa ziweruzo ziwirizi kunachokera kwambiri pa chizolowezi chimene chinali chitazika mizu pakati pa ogulitsa ndi olemba ndemanga, choyang'ana nkhope ya gemu n'kugamula pomwepo kuti inapangidwira ndani.

Nkhope ya Gimmick! inalidi ya ana. Wosewera amayendetsa Yumetaro, kachilombo kobiriwira, kozungulira, ka maso akuluakulu ndi kanyanga kamodzi pamutu, ka mtundu wa zolengedwa za m'nthano za ku Japan zotchedwa yokai. Nkhani yake ndi yakuti bambo wina anakagula m'sitolo poganiza kuti ndi chidole n'kukapereka kwa mwana wake wamkazi pa tsiku lokumbukira kubadwa, ndipo zidole zina za mtsikanayo, pochita nsanje poona kuti zaiwalika, zinamuba usiku n'kupita naye kudziko lina. Adani oyamba amene Yumetaro amakumana nawo ndi timipira takuda ta miyendo ifupiifupi, ndipo m'chigawo choyamba muli njira yagalasi yodutsa pansi pa madzi, momwe nsomba zimangosambira mwaufulu osavulaza aliyense. Kholo lililonse loona zithunzi zotere pabokosi likanaganiza kuti lapeza mphatso yoyenera mwana wamng'ono.

Amene anatsogolera ntchitoyi, Tomomi Sakai, ankalimbana ndi vuto la nthawi. Mu Novembala 1990 Nintendo inali itatulutsa makina atsopano, Super Famicom, okhala ndi mitundu yambiri ndi mawu abwino, pamene Sega inali kale pamsika ndi Mega Drive kuyambira 1988, kotero kuti pofika 1992 Famicom inkaoneka ngati katundu wakale. Cholinga cha Sakai ndi anzake chinali kupanga gemu ya makina akalewo imene ikanatha kuima pafupi ndi magemu a makina atsopano popanda manyazi. Magemu a nthawi imeneyo ankagulitsidwa m'makatiriji, timabokosi tapulasitiki tolowetsa m'makina, ndipo popeza katiriji imakhala ndi zipangizo zamagetsi mkati mwake, kampani inkatha kuikamo kachipangizo kowonjezera mphamvu. Sunsoft inaikamo chip yotchedwa 5B, imene inawonjezera njira zitatu za mawu pamwamba pa zisanu zimene Famicom inali nazo kale, ndipo Masashi Kageyama anagwiritsa ntchito mpatawu kupeka nyimbo zodzaza, zosinthasintha mayimbidwe, zimene anthu ambiri amazitamabe mpaka lero. Palibe gemu ina ya nthawiyo imene inagwiritsa ntchito mawu a chip imeneyi.

Koma luso lenileni la Sakai, lomwenso linali gwero la kuvuta kwa gemuyi, lili pa chida chimene Yumetaro amamenyera nkhondo. Wosewera akadina batani n'kuligwirabe, pamwamba pa mutu wa kachilomboka pamapangika nyenyezi, ndipo akalisiya, nyenyeziyo imaponyedwa pansi n'kuyamba kunjanja. Siipita molunjika monga chipolopolo cha m'magemu ena. Ikaponyedwa kuchokera pamalo okwera imanjanja kwambiri, ikagunda khoma imabwerera, ikagwera potsetsereka imasintha njira, ndipo mphamvu yake imachepa pang'onopang'ono monga umachitira mpira wa mphira pasimenti. Nyenyezi ina singapangidwe yoyambayo isanachoke pasikirini, choncho woponya mophonya amatsala manja lende kwa kanthawi adani akumuyandikira. Chodabwitsa kwambiri n'chakuti Yumetaro amatha kudumphira pa nyenyezi yakeyo n'kuikwera, motero chida chomenyera chimasandukanso makwerero: wosewera amaiponya kukhoma, amayerekeza pamene idzafike pobwerera, amaidumphira ili m'mwamba, kenako n'kudumphanso kuchoka pamenepo kuti afike pamalo amene miyendo yokha sikanam'fikitsa. Zonsezi zimachitika m'kanthawi kochepa zedi, ndipo gemu siphunzitsa ndi mawu ngakhale chimodzi mwa izo. Nawo adani sangoyenda uku ndi uku mwachimbulimbuli, koma amatsatira wosewera, kudumpha zotchinga ndi kumutchingira njira, pamene malo otsetsereka amamukoka n'kumuwonjezera liwiro nthawi imene akufuna kuima.

Pamwamba pa izi panali lamulo lina louma. Gemuyi ili ndi zigawo 6 zoonekera, ndipo m'chigawo chilichonse muli chuma chobisika pamalo amene nthawi zambiri amafikika pokhapokha munthu atadziwa kukwera nyenyezi. Wosewera akagonjetsa mdani wamkulu wa chigawo cha 6 alibe chuma chonse, mtsikana uja sapezeka. Chigawo cha 7, chomwe chili ndi mathero enieni, chimatseguka kwa yekhayo amene watolera chuma chonse osagwiritsa ntchito continue, mwayi umene gemu imapereka woyambiranso pamene munthu anathera miyoyo yake yonse, chifukwa akangoulandira mwayiwo chuma chonse chimene anali atasonkhanitsa chimafafanizika. Apa m'pomveka kunena kuti Sakai anapyola muyeso, pakuti mwana amene wavutika milungu ingapo kuti afike kumapeto amayenera kulandira china choposa kuuzidwa mosalankhula kuti ayambirenso.

Kuvuta kotere sikunali kwachilendo m'ntchito yopanga magemu. Mtundu wa platform unakulira m'nyumba zosewereramo zotchedwa arcade, momwe makina monga Donkey Kong ya 1981 ankalandira kobiri pa masewero alionse, ndipo mwini makina ankapindula wosewera akamafa msanga n'kuponyanso kobiri lina. Magemu atalowa m'nyumba za anthu chizolowezicho chinatsalira pa chifukwa china: katiriji inali yokwera mtengo koma yosunga zinthu zochepa, motero njira yokhayo yochititsa kuti gemu yaifupi ikhalitse m'manja mwa wogula inali kuilimbitsa. Katswiri amatha kumaliza Gimmick! yonse ola lisanakwane, ndipo nthawi yotsalayo, imene wogula ankalipirira, inali ya kuphunzira. Ngakhale Nintendo yeniyeniyo inadziwa kuti chizolowezichi chili ndi malire, chifukwa Super Mario Bros. 2 imene inatuluka ku Japan mu 1986 inaonedwa ndi nthambi yake ya ku America kuti ndi yovuta mopyola, ndipo mu 1988 anthu a kumeneko anapatsidwa gemu ina pansi pa dzina lomwelo. Chimene chinali chosiyana ndi Gimmick! n'chakuti magemu ovuta ambiri ankadzionetseratu ndi zithunzi za asilikali, maninja ndi mizukwa, pamene iyi inabisa ukali wake kuseri kwa chidole.

Zotsatira zake zinali zakuti gemuyi inasowa mwini. Sakai anadzafotokoza pambuyo pake kuti ogula mopikula ankachita nayo chidwi poiona, koma akangomva kuti ndi ya Famicom osati Super Famicom chidwicho chinkathera pomwepo. Nthambi ya Sunsoft ya ku America inakana kuitulutsa chifukwa cha maonekedwe a Yumetaro ndi anzake, ngakhale magazini ya Electronic Gaming Monthly inali italemba kale za iyo mu 1992 poyembekezera kuti ifika, ndipo olemba ake anagawanika, ena akuiona ngati gemu ya ana wamba, wina akuyamikira kuti pansi pa kukongolako pali mayeso enieni. Achinyamata ofuna gemu yolimba, amene akanaikonda, anaidutsa poona nkhope yake, ndipo ana amene nkhopeyo inawakopa anakakumana ndi khoma m'zigawo zoyambirira. Olemba ndemanga nawonso ntchito yawo inkawathamangitsa, popeza magazini ya mwezi ndi mwezi imafuna chiweruzo pa magemu ambiri nthawi imodzi, pamene gemuyi inali ya mtundu umene akuluakulu anaunenera kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu woisewera maola awiri amangoona kachilombo koterereka ndi chida chosamvera; woisewera milungu iwiri amazindikira kuti nyenyeziyo siinama, imatsatira malamulo omwewo nthawi zonse, ndipo kulephera kulikonse kuli ndi chifukwa chimene angathe kuchipeza ndi kuchikonza.

Miyezi itatu isanathe, mu Epulo 1992, kunatuluka Kirby's Dream Land, yopangidwa ndi kampani ya HAL Laboratory, pa Game Boy, makina a Nintendo a m'manja. Kirby nayenso ndi kanthu kozungulira kokongola, koma Masahiro Sakurai, mnyamata amene anamupanga, anafuna dala gemu imene munthu woyamba kumene angaimalize, choncho anam'patsa mphamvu youluka pamwamba pa maenje, ndipo masewero ovuta anawasungira iwo amene amaliza kale n'kufuna zambiri. Gemuyo inagulidwa makope opitirira 5 miliyoni ndipo Kirby akadalipo mpaka pano. Msika unaphunzirapo kuti nkhope yokongola iyenera kuyenda limodzi ndi masewero ofewa, phunziro limene linali loona pa nkhani ya ndalama koma limene linachepetsa malo a ntchito zonga ya Sakai.

Kunja kwa Japan, malo okhawo amene gemuyi inagulitsidwa pa nthawiyo anali maiko a Scandinavia, komwe Bergsala, kampani ya ku Kungsbacka m'dziko la Sweden yomwe yakhala ikugulitsa katundu wa Nintendo kuyambira 1981, inaitulutsa mu 1993 pa dzina lakuti Mr. Gimmick. Makina a ku Ulaya ndi ku America, otchedwa NES, sankatha kutulutsa mawu owonjezera ochokera m'katiriji monga Famicom, motero nyimbo za Kageyama zinamveka kumeneko zopanda njira zitatu zija. Makope anali ochepa, ndipo katiriji ya ku Scandinavia lero ili m'gulu la zosowa ndi zodula kwambiri kwa osonkhanitsa magemu akale. 

Chimene chinasintha mbiri ya Gimmick! chinali kusintha kwa mmene anthu ankaipezera. Mapulogalamu otsanzira makina akale pa kompyuta atafala, ndiponso makanema a akatswiri akuisewera atayamba kuoneka pa intaneti, munthu ankatha kuona ndi maso ake zimene nyenyezi ija ingachite asanataye mtima, ndipo tinthu timene olemba a 1992 analibe nthawi yotipeza tinadziwika, monga mdani wamkulu wa pachombo m'chigawo chachiwiri amene amapezeka ali m'tulo ngati wosewera wafika msanga. Oweruza atsopanowa sanali ogulitsa ofunsa za makina, kapena makolo ofunira mwana mphatso, koma anthu amene ankafunafuna dala magemu otere. Sunsoft inaitulutsanso pa PlayStation ku Japan mu 2002, inafika m'makina a arcade mu 2020 pa dzina lakuti Gimmick! Exact Mix, ndipo mu 2023 Gimmick! Special Edition inaifikitsa pa makina a m'nyumba a ku America koyamba, patatha zaka 31, ili ndi batani lobwezera nthawi m'mbuyo kuti wolakwitsa kudumpha ayesenso pomwepo. Batanilo silichotsa luso limene gemu imafuna, limangochotsa chilango chobwerera m'mbuyo, ndipo ndilo yankho labwino pa cholakwa chenicheni cha Sakai. Mu Seputembala 2024 kunatuluka Gimmick! 2, yopangidwa ndi Bitwave Games ya mumzinda wa Gothenburg, pafupi ndi Kungsbacka, ndi nyimbo za David Wise, ndipo opanga ake anasunga nyenyezi yonjanja ija koma anapatsa wosewera mwayi wosankha pakati pa masewero othandizidwa ndi masewero ovuta monga a gemu yoyamba.