Mbiri ya Dansi m'Dziko Lino

Pa maukwati ambiri a masiku ano ku Silverest, m'mbali mwa mseu waukuru wocokera ku Lusaka kunka ku Chongwe ndi ku Chipata, mkwati ndi mkwatibwi amaimirira awiri okha pakati pa anthu, nagwirana dzanja ndi ciuno, nazungulira pang'onopang'ono. Ana a sukulu amayesa kuti umenewu ndi mwambo wa makolo. Koma dera limeneli ndi la Asoli a Mfumu Nkomeshya, ndipo m'magule ao, monganso m'magule a Acewa ndi Ansenga, mwamuna ndi mkazi sanali kubvina cifuwa ndi cifuwa pamaso pa apongozi. Kubvina kotere kunadza ndi Azungu, ndipo anthu anakucha dansi.

Dansi amene anafika kuno anakonzedwa ku Mangalande. M'caka ca 1924 aphunzitsi a bungwe la Imperial Society of Teachers of Dancing anakhazikitsa malamulo a kapondedwe ka mapazi, ndipo mmodzi wa iwo, Victor Silvester, anasindikiza buku la malamulowo mu 1927. Komatu magule ena mwa awa sanabadwire m'nyumba za olemera. Foxtrot inaphuka ku America mu 1914 pa nyimbo za ragtime, zimene anapeka anthu akuda. Tango inacokera m'makomboni a amphawi ku Buenos Aires. Angerezi anaongola msana wa wobvina, naletsa kugwedeza ciuno, ndipo gule amene mizu yace ina inali ya anthu akuda anafika ku Afrika atabvala suti ndi tayi, akuchedwa gule wa Azungu.

Umboni womveka wa dansi pakati pa Aafrika a dziko lino ucokera ku Broken Hill, kumene tsopano ndi Kabwe. Godfrey Wilson, mkuru woyamba wa Rhodes-Livingstone Institute, anafufuza za moyo wa anchito a kumeneko, nasindikiza zimene anapeza mu 1941 ndi 1942. Iye anaona kuti gawo lalikuru la ndalama za malipiro linali kuthera pa zobvala. Anaonanso magulu a dansi amene anali kupikisana, amuna atabvala masuti a madzulo ndi akazi madiresi atali, ndipo maguluwo anali kuitana Azungu kudzaonerera. Apa ndi pamene pali mtima wa nkhani. Mzungu anali kulowa m'holo ya Aafrika monga mlendo wolemekezeka, koma Mwafrika sanali kulowa m'holo ya Azungu, kupatula kuti alowe atanyamula mbale ndi matambula. Ku Lusaka, mzinda umene unakhala likulu mu 1935, munthu yemwe anabvina waltz Loweruka usiku mosaphonya phazi anali kugula nyama Lolemba pa kazenera ka m'mbali mwa sitolo, pakuti pa khomo panali pa Azungu. Mahotela ndi nyumba zodyeramo zinatsegulidwa kwa anthu onse ndi lamulo mu 1960, zaka zinai zokha ufulu usanadze. Wilson analembanso kuti Azungu ambiri sanali kukondwa poona Mwafrika wobvala bwino. Suti ya kalaliki inali kuwanyansa koposa nsanza za wanchito.

Dansi anagawanso Aafrika okhaokha. Suti, nsapato, diresi ndi ndalama yolowera pa khomo zinafuna malipiro a kalaliki, mphunzitsi kapena wothandiza dokotala, ndipo ambiri mwa akalaliki a ku migodi anali a ku Nyasaland, ophunzira m'sukulu za mishoni monga Livingstonia. Anyamata a nchito ya manja anali ndi gule wao. J. Clyde Mitchell anaonerera gulu la Abisa likubvina kalela ku Luanshya mu 1951, nalemba buku lace mu 1956. Obvinawo anali anchito wamba, wopanda kalaliki ndi mmodzi yemwe, koma anabvala mabuluku ositidwa bwino ndi nsapato zopukutidwa, ena ali ndi mipango yoyera m'manja. M'gulumo munali mfumu, munali dokotala wobvala mkanjo woyera wa mtanda wofiira, ndiponso namwino amene anali kuyenda ndi kalirole kuti wobvina aliyense adzione ngati akali waudongo. Ng'oma zao zinali migolo ya mafuta yokutidwa ndi cikopa ca ng'ombe. Kalela ndi mbale wace wa beni wa Ayao ndi malipenga a Atonga a ku Nkhata Bay, magule amene anafala itatha nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Mwa njira iyi wosauka anabvina pa bwalo la fumbi Lamulungu masana, wophunzira nabvina pa simenti Loweruka usiku, onse awiri atasita zobvala zao ndi makala.

Kodi anthu amenewa anali kungotsanzira Azungu? Bernard Magubane, wa ku South Africa, amene anaphunzitsa pa University of Zambia, anadzudzula Mitchell ndi anzace mu 1971, ponena kuti anayang'ana kwambiri pa zobvala ndi kuiwala mphamvu ya utsamunda imene inacititsa munthu kunyoza zace. Mau ace ali ndi coonadi. Komabe nkobvuta kukhulupirira kuti kalaliki wobvina foxtrot anali kufuna kusanduka Mzungu. Iye anali kuonetsa pamaso pa anthu kuti cinthu cimene anauzidwa kuti sangacithe anacitha, ndipo kuti khomo lotsekedwalo linatsekedwa popanda cifukwa.

Katundu wolemera koposa anagwera akazi. Mwamuna anangofunika suti. Mkazi anafunika kusintha thupi lace. Kumudzi namwali anali kutamandidwa cifukwa ca mphini, mikanda, thupi lodzaza ndi khungu losalala lodzola mafuta a nsatsi. M'holo ya dansi munafunika ciuno copyapyala, tsitsi loongoledwa ndi citsulo camoto kapena wigi, ndi khungu loyererako. Magazini onga Drum, amene anayamba ku South Africa mu 1951, anali odzaza ndi zithunzi zotsatsa mafuta oyeretsa khungu, ndipo dzina la Ambi linadziwika m'makomboni onse. Mkazi wokana izi anachedwa wakumudzi. Wozilandira anachedwa dzina lina. Ku migodi akazi opaka milomo anawacha akapenta, mau ocokera ku liu la Cingerezi lonena za utoto, ndipo dzinalo silinali la ulemu. Amuna omwewo amene anali kuwafuna pa dansi sanali kufulumira kuwatengera kwa makolo ao. Mafutawo anaononga nkhope zambiri, pakuti mankhwala a hydroquinone akapakidwa zaka zambiri amasiya zipsera zakuda m'masaya. South Africa inawaletsa m'zodzoladzola mu 1990.

Utadza ufulu mu 1964, dansi wa suti anazirala. Rumba ya ku Congo inalanda maholo, ndipo m'zaka za m'ma 1970 boma la Kenneth Kaunda linalamula kuti nyimbo zambiri za pa wailesi zikhale za dziko lino. Pambuyo pace kalindula anabwezera ciuno m'malo mwace. Ku Ulaya mipikisano inapitirira, monga wa ku Blackpool umene unayamba mu 1920, ndipo kumeneko kunaoneka cinthu codabwitsa: Azungu opikisana pa rumba ndi samba, magule a mizu ya Afrika ocokera ku Cuba ndi ku Brazil, anayamba kudzipaka utoto wodetsa khungu kuti aoneke oyenera gule. Oti Mabuse, wobadwira ku Pretoria, amene sanafunike utoto uliwonse, anapambana mpikisano wa Strictly Come Dancing wa BBC mu 2019 ndiponso mu 2020.