Mayina a Zodzikongoletsera ndi Mbiri ya Malonda

Mlembi aliyense amene anayesapo kumasulira nkhani ya migodi amalidziŵa vuto ili: Chicheŵa chili ndi mayina ambiri a zodzikongoletsera, monga mikanda, makoza, zibangili, mphete, ndolo, chipini ndi mphande, koma miyala yonse yonyezimira timangoiphatikiza m'mawu akuti "miyala yamtengo wapatali". Gwero la kusiyanaku lili m'mbiri ya malonda.

Makolo athu ankadzikongoletsa ndi mkuwa, chitsulo, minyanga, zigoba za nkhono ndi mikanda. Pa Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, pamene panali likulu la Kalonga, Dr. Yusuf Juwayeyi anafukula mikanda yagalasi yochokera ku Asia, mapale a mbale za ku China, mkuwa ndi minyanga yosemedwa. Kumadzulo kwathu, pa Ingombe Ilede m'chigwa cha Zambezi ku Zambia, m'chaka cha 1960 panapezeka manda a anthu amene anaikidwa atavala mikanda yagolide, makoza amkuwa ndi mphande. Mphande ndi tsinde la chigoba cha nkhono ya m'nyanja yamchere, ndipo inali chizindikiro cha ulemerero. David Livingstone, amene anapatsidwa imodzi ndi mfumu Shinte ya Alunda m'chaka cha 1854, analemba kuti mphande zisanu zinkagula mnyanga wa njovu.

Nawo mawu amasunga mbiriyi. Liwu lakuti "ndalama" linachokera ku "dirham" ya Aluya, ndipo m'Chishona "ndarama" ndi golide. Momwemonso "chuma", chimene kwa ife ndi katundu yense wa munthu, kwa Ashona ndi mikanda. Chinthu chimene anthu ankachigwira, kuchivala ndi kuchisinthanitsa chinalandira dzina. Miyala imene inali ikadali pansi pa nthaka inalibe woitchula.

Mayina a miyalayi analoŵa m'chinenero chathu kudzera m'mabuku. Omasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka m'chaka cha 1922, atafika pa chaputala 21 cha Chivumbulutso anabwereka mawu ku Chigiriki, natipatsa yaspi, safiro, berulo ndi topazi. Mawuŵa anangotsalira m'tchalitchi, popeza oŵerenga anali asanaione miyalayo. Koma liwu lakuti "ngale" linakhazikika, mwina chifukwa limamveka lathulathu ndipo fanizo lake limalalikidwa kaŵirikaŵiri.

Zinthu zinasintha pamene migodi inatsegulidwa. Pa phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu, miyala yofiira ndi yobiriŵira ngati thambo ya mtundu wa corundum inapezeka m'chaka cha 1958. Ku Mzimba anthu amakumba aquamarine, ku Kafubu m'dziko la Zambia emerald, ndipo ku Montepuez m'dziko la Mozambique ruby anapezeka m'chaka cha 1909 kuphatikiza zaka zana limodzi, ndiye kuti 2009. Wokumba amene alibe dzina la mwala wake m'chinenero chake amadalira mawu a wogula, ndipo posakhalitsa amadaliranso mtengo wa wogulayo.

Tsono alembi, akonzi ndi aphunzitsi tichitenji? Choyamba, tisataye mawu akale: khoza likhale khoza, mphande ikhale mphande. Chachiŵiri, pamene tabwereka titsate malamulo a kalembedwe a 1990, amene amati "r" alembedwe pambuyo pa "i" ndi "e", ndipo "l" pena ponse. Motero "safiro" ndi "emerodi" akugwirizana ndi lamulo, koma ruby ayenera kukhala "lube". Chachitatu, tigwirizane pa kalembedwe kamodzi, monga momwe "golide" analoŵera m'malo mwa "golidi" wa m'mabuku akale. Tisanapeke liwu latsopano, tiyambe tapita kumigodi kukamva momwe okumba amaitchulira miyalayo, pakuti mwina dzina limene tikulifuna muofesi lilipo kale pakamwa pawo.