Kansalu ka Pamkono: Mbiri ya Chizindikiro cha Ajeremani

Kansalu komanga pamkono kanalowa m'malamulo a nkhondo kuti kazipulumutsa moyo. Pangano la ku Geneva la mu 1864 linati othandiza ovulala azivala kansalu koyera ka mtanda wofiira kuti asawomberedwe. La ku Hague la mu 1907 linati magulu odzipereka kumenya nkhondo akhale ndi chizindikiro chooneka patali, kuti akagwidwa asungidwe monga asilikali.

Ku Germany kansaluka kanapatsidwa ntchito ina. Mu 1920 chipani cha Nazi chinasankha swastika kukhala chizindikiro chake. Anyamata a gulu la chipanicho la SA, asanakhale ndi yunifolomu, ankadziwana ndi kansalu kofiira kokhala ndi bwalo loyera, swastika yakuda ili pakati. Kanali kotchipa: munthu ankangokavala pa jekete lake lakunyumba, basi wasanduka wachipani. Mtsogoleri wa chipanicho, Hitler, atatenga boma mu 1933, gulu lililonse linali ndi kake. Ka achinyamata a Hitlerjugend kanali ndi mzere woyera pakati, ka SS mizere yakuda m'mphepete. Ofesi ya chipanicho yotchedwa RZM ku Munich ndiyo inkapereka chilolezo kwa osoka, ndipo tinsalu tovomerezeka tinkakhala ndi kapepala ka ofesiyo mkati.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itabuka mu 1939, tinsaluti tinachuluka. Anthu wamba ogwirira ntchito asilikali ankavala kachikasu kolembedwa kuti "Deutsche Wehrmacht". Chaka chomwecho, mkulu wina wa chipani cha Nazi, Hans Frank, analamula kuti kuyambira pa 1 Disembala Ayuda a m'chigawo cha Poland chimene ankalamulira azivala kansalu koyera ka nyenyezi yabuluu kudzanja lamanja. Chinthu chimene chinayamba ngati chishango tsopano chinali kuloza munthu woti alandidwe katundu, atsekeredwe, kenako aphedwe.

Pofika kumapeto kwa 1944 zinthu zinali zitathina. Boma linakhazikitsa Volkssturm, gulu la amuna a zaka 16 mpaka 60. Ambiri sanalandire yunifolomu. Anangopatsidwa kansalu kolembedwa "Deutscher Volkssturm Wehrmacht", kawirikawiri kongodinda ndi utoto, kuti adani asawayese zigawenga. Madoda ndi anyamata asukulu anakumana ndi akasinja atavala kansalu kokhako.

Mu 1945 asilikali opambana, makamaka a ku America, anatenga tinsalu tambiri kupita nato kwawo ngati chikumbutso. M'menemo ndi mmene munachokera msika wa otolera. Mitengo itakwera, achinyengo anayamba kusoka tabodza, n'kumatidetsa kuti tioneke takale. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Lero wodziwa amayang'ana kasokedwe, ulusi, chidindo cha gulu ndi kapepala ka RZM, ngakhale achinyengo nakonso amakakopera. Amaunika nsalu yoyera ndi nyali ya UV, chifukwa nsalu za pambuyo pa nkhondo nthawi zambiri zimawala kaamba ka mankhwala oyeretsera. Ena amawotcha kaulusi: thonje limasanduka phulusa, nayiloni imasungunuka. Umboni woposa onse ndi mbiri ya kansaluko, kuti anakatenga ndani, kuti, liti.

Malamulo nawo anafika. Ku Germany, ndime 86a ya malamulo a milandu imaletsa kuonetsa zizindikirozi poyera, kupatula pophunzitsa, pofufuza kapena pa zaluso. Mu 2000 khoti la ku France linalamula kampani ya pa intaneti ya Yahoo kutsekera anthu a m'dzikomo misika ya zinthu zotere, ndipo mu 2001 kampani ya malonda a pa intaneti ya eBay inaletsa malondawa.

Ine ndimaona kuti luso lozindikira chenicheni ndi lofunika, chifukwa mbiri yodzala ndi zopeka imapatsa mphamvu okana kuti nkhanzazi zinachitika. Koma kansalu ka SS kasamasungidwe kokha ngati chokongoletsa. Pambali pake pazikhala kansalu ka nyenyezi yabuluu, kuti woona adziwe chimene wovala koyambako anachitira mnzake.