Kuipitsa n'kosiyana ndi kuwononga

Pa wailesi ndi m'mabuku a sukulu, mawu akuti "kuwonongeka kwa chilengedwe" asanduka thumba loponyamo chilichonse: kudula mitengo, kukokoloka kwa nthaka, utsi wa fakitale. N'chifukwa chake wophunzira zamalamulo amavutika kulongosola mlandu wa Trail m'Chichewa, pakuti mlanduwo wagona pa zinthu ziwiri zimene mawuwa amaziphatikiza.

Ku Trail, m'chigawo cha British Columbia ku Canada, fakitale yosungunula mtovu ndi zinki inkatulutsa utsi wa salfa. Utsiwo unkatsata chigwa cha mtsinje wa Columbia, kuwoloka malire, n'kukawaula mbewu ndi mitengo ya alimi a m'chigawo cha Washington ku America. Canada inavomera kulipira madola 350,000, ndipo mu 1938 oweruza anawonjezerapo 78,000. Mu 1941 anagamula kuti dziko lisalole utsi wochokera kwake kupweteka dziko lina, vutolo likakhala lalikulu ndipo umboni wake uli wosakayikitsa. Fakitaleyo sinatsekedwe. Anaiikira muyeso wa utsi woti izitulutsa.

Ndalama zija zinali chipukutamisozi pa zimene utsi unawononga. Muyeso uja unali woletsa kuipitsa mpweya, chinthu chimene makina amachiyeza mbewu isanafote n'imodzi yomwe. Malamulo oteteza chilengedwe amagwira ntchito yawo yaikulu pamenepa, ndiye tikakhala ndi liwu limodzi lokha, mlimi amaganiza kuti adikire mbewu zife kuti akhale ndi chonena.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi ka "-ka" kakumapeto kwa "kuwonongeka". Mwana akati "mbale yasweka", waiswayo sadziwika. Mu February 2025 damu la zinyalala za mgodi la kampani ya Sino-Metals ku Chambishi, m'dziko la Zambia, litagumuka, asidi anathirikira m'mitsinje yolowa mu Kafue, nsomba zinafa, mipopi ya ku Kitwe inatsekedwa. Kafue amathira mu Zambezi, amene amapita ku Mozambique. Kunena kuti mtsinje "unawonongeka" n'kuchotsa mwini damu pa nkhani. Mfundo ya msonkhano wa zachilengedwe wa ku Rio wa 1992 imafuna dzina la munthu, ndipo Chichewa chake n'chachifupi: woipitsa alipire.

Asidi, salfa ndi zinki tibwereke, palibe chovuta. Koma "polushoni" ndimamukana, chifukwa "kuipitsa" tili nako, ndipo kumabala "woipitsa" mosavutikira.

Lamulo lathu la zachilengedwe la 2017 linalembedwa m'Chingerezi. Pa misonkhano yofunsa maganizo a anthu mgodi usanatsegulidwe, womasulira aliyense amapeka mawu ake pomwepo, mafumu n'kuvomera zimene amva. Bungwe loteteza chilengedwe la MEPA ndi a Centre for Language Studies, amene analowa m'malo mwa Chichewa Board, akhale pansi agwirizane mawu amenewa, ndipo malipoti ounika zotsatira za migodi azifika kumudzi m'chilankhulo cha amene amamwa madziwo.